Munda Umene Ndinauonera Pawindo la Sitima

Mpaka lero sindiloledwa kusankha malo okaonetsa alendo. Pakhomo pathu ntchito imeneyo anandilanda kalekale, ndipo sindinachite apilo, chifukwa ulendo umodzi umene ndinatsogolera unatsala pang'ono kundimanitsa mkazi.

Zinachitika cha m'ma 1970, ndili pasukulu kuyunivesite ina ku North York, kumpoto kwa mzinda wa Toronto. Amalawi kumeneko tinali ochepa kwambiri, moti ukamva Chichewa m'basi unkatsikira pamene watsikira mwini Chichewayo, ngakhale kusali komwe ukupita. Ndi mmene ndinadziwirana ndi Lusiya, namwino wa ku Dedza. Tinagwirizana za banja, koma anthu awiri kugwirizana kudziko la eni si ukwati ayi. Kwawo mwini mbumba anali amalume ake, a Mbewe, ndipo iwowo akapanda kuvomera ndiye kuti nkhani yathera pomwepo.

Chaka china, nyengo yotentha, a Mbewe anabwera ku Canada kumsonkhano wa mpingo, poti anali mkulu wa mpingo. Loweruka lina anali ndi mpata.

"Akufuna akuoneni," anatero Lusiya. "Zimene akanene kumudzi ndi zomwezo, palibe akatsutse. Chonde mukamete tsitsilo. Ndipo mwapulana zoti mukawaonetse?"

"Zonse ndaziwoganaiza kale," ndinayankha. "Toronto ndimamudziwa ngati chikhatho changa."

(Toronto amene ndinkamudziwa ine anali kalasi, laibulale, ndi sitolo ina yogulitsa nkhuku zotchipa.)

Ndinameta tsitsi langa lalitali lija, buluku lotambalala kumapazi ndinalibisa pansi pa matiresi, n'kuvala suti yanga yokhayo, yotuwa. Pulani inali yakuti m'mawa tikaone linga lakale la asilikali limene lili kufupi ndi nyanja, masana tikadye m'munda wina wamaluwa. Mundawo ndinali ndisanalowemo. Ku Toronto kuli sitima yoyenda pansi pa nthaka, koma pali pena pamene imatulukira pamtunda, ndipo popita m'tauni ndinkaona pawindo mitengo ikuluikulu, kapinga wometa bwino, maluwa, ndi azungu akuyenda pang'onopang'ono atagwirana manja. Mumtima ndinkati tsiku lina ndidzabwera ndi munthu wofunika.

A Mbewe anali munthu wamfupi, wa chipewa chakuda ndi ndodo, wosathamangira kuyankhula. Atandipatsa moni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato ngati akugula ng'ombe, kenako anangoti, "Ndiye ndinu mnyamata uja." Dzina langa ankalidziwa, koma tsiku lonse ndinali "mnyamata".

Kulinga kuja zinayamba bwino. Ndinatulukira nzeru yoyenda patsogolo pang'ono, kuwerenga zikwangwani mwakabisira, n'kubwerera kudzafotokoza ngati ndinabadwira momwemo. Ndinawaonetsa nyumba zamitengo za tizibowo toombera mfuti, mosungira wonga, ndi mogona asilikali. Ndinafotokoza mmene adani anabwerera panyanja ndi zombo. A Mbewe ankangoti, "Eya," koma ndinaona kuti zinthu zikundiyendera. Panali anyamata ovala majekete ofiira a asilikali akale amene ankaguba kuonetsa alendo. Ndili pakati pofotokoza za kulimba mtima, anyamatawo anaomba mzinga. Sindikudziwa kuti ndinafikako bwanji kuseri kwa mbiya ya zinyalala, koma ndinazindikira ndili komweko, chonjuta. A Mbewe ngakhale kuphethira ayi.

"Mulibe chipolopolo mmenemo," anatero. "Ya chipolopolo siilira choncho."

Apa m'pamene Lusiya anandinong'oneza kuti amalume ake anamenya nkhondo ku Burma. Ndiye kuti m'mawa wonse ndinkaphunzitsa msilikali za mfuti. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kumunda wamaluwa ndikabweza ulemu wanga, poti maluwa saphulika.

Titatsika sitima ndinawatsogolera pakageti kena kakang'ono ka m'mbali. Lusiya ataona getilo anaima.

"Muno?" anafunsa motsitsa mawu.

"Muno mmene."

"Inu, mwacheka bwinobwino kuti muno ndi…"

"Lusiya," ndinamudula mokweza, kuti amalume amve kuti pabanja padzakhala mutu, "malo ano ndimawadziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kusenza dengu la chakudya osanenanso kanthu. Pambuyo pake anadzandiuza kuti anaona kuti akayankhula pamaso pa amalume andiyalutsa, ndiye anangopemphera kuti tidye msanga tituluke wina asanazindikire.

Kunena zoona, malowo anali okongola. Mitengo ina inali ndi tizikwangwani ta mayina ake, agologolo akudumphadumpha osaopa munthu. Titayenda pang'ono tinapeza tinyumba tamiyala, ta nsanamira kutsogolo ndi zitseko zamkuwa, pamwamba atalembapo mayina.

"Nanga timeneti?" anafunsa a Mbewe.

"Timeneti n'tousiramo mvula," ndinatero, osaphethira. "Mayinawo ndi a anthu olemera amene anapereka ndalama zomangira."

"Anthu abwino. Nanga bwanji n'tokhoma?"

"Lero kulibe mvula, bambo."

Anakhutira. Anakaima pakhomo pa kena, dzanja limodzi litagwira chitseko ngati mwini nyumba, ndipo ine ndinawajambula chithunzi choti akaonetse kumudzi. Miyala ina yoimikidwa inkaoneka chapatali kuseri kwa kamtunda, pamodzi ndi angelo osema, koma ndinawauza kuti azungu amakonda zosemasema. Musandiseke kwambiri. Kwathu manda ndi nkhalango yowirira, yamdima, imene munthu saloza n'chala. Ndani akanaganiza kuti kuli anthu amene amathirira manda ndi paipi, n'kumayendamo ndi ana m'tingolo?

Tinayala nsalu pansi pa mtengo waukulu. Lusiya anatulutsa mpunga, nkhuku yokazinga, mandasi ndi tiyi wa mufulasiki. A Mbewe anavula chipewa n'kupemphera, kuthokoza Mulungu chifukwa cha malo a mtendere otero, kumene ngakhale phokoso kulibe. Lusiya anati wakhuta. Ankangoti, "Amalume, tiyeni tidye chofulumira, sitima ingatisiye," chonsecho sitima zinkabwera motsatana ngati nyerere. Ine ndinkadya mtima uli m'malo. A Mbewe anafika mpaka pondifunsa za makolo anga ndi za mfunda wathu, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ikupita kwabwino.

Kenako m'kamsewu ka m'mundamo munatulukira galimoto yaitali yakuda, ikuyenda pang'onopang'ono, ina yakudanso ili pambuyo. Inadutsa pafupi nafe kwambiri moti bokosi tinaliona bwinobwino pagalasi, maluwa ali pamwamba. Inakaima poteropo, pamene panali kamulu kofunditsidwa kapeti wobiriwira. Kamuluko ndinali nditakaona kale, koma ndinkayesa kuti n'kokongoletsera.

A Mbewe anali ndi mwendo wa nkhuku m'manja. Anayang'ana galimoto, anayang'ana kanyumba kamene anajambulitsirapo, anayang'ana angelo aja, kenako anayang'ana ine. Mwendo wa nkhuku anauika pansi mwaulemu.

"Mnyamata," anatero, "tili kuti pano?"

Anayankha ndi Lusiya, maso ali pansi. "Kumanda, amalume."

Ndinadikira kukalipiridwa. Ndinkafuna atandikalipira, chifukwa chete wawoyo anali woopsa kuposa mzinga uja. Mumtima ndinatsanzikana naye Lusiya, ndipo zinandiwawa kwambiri. A Mbewe anapukuta manja, n'kuimirira ndi ndodo yawo.

"Talowa m'mudzi wa eni osaodira, tadyeramo, tajambulitsiramonso. Tsopano maliro atipeza. Tithawe ngati agalu akuba? Tiyeni tikakhuze."

"Bambo, kuno sachita choncho," ndinayesa kunena. "Maliro amachita kuitanirana."

"Inu zimene mumadziwa za kuno ndaziona. Tsogolani."

Tinakaima kumbuyo, manja kutsogolo. Olira analipo ochepa zedi: mayi wina wokalamba wa chipewa chakuda, m'busa, ndi amuna a masuti akuda amene ananyamula bokosi, omwe ankaoneka kuti ali pantchito chabe. Panalibe nyimbo, panalibe kulira kokweza. M'busa anawerenga mwachidule, bokosi analitsitsira m'dzenje ndi malamba, ndipo onse anatembenuka kubwerera kugalimoto. Dzenje linatsala losakwirira.

"Akupita kuti?" ananong'ona a Mbewe.

"Mwambo watha, amalume," anatero Lusiya. "Okwirira ndi antchito. Si awo aima apowo."

Chapatali panali amuna awiri a maovololo, atatsamira kathalakitala kakang'ono, akudikira kuti olira achoke.

"Munthu akwiriridwe ndi thalakitala ngati ngalande? Abale ake atapita?" A Mbewe anapukusa mutu. "Mnyamata, vulani jekete. Kapempheni fosholo."

Ndinayang'ana Lusiya kuti andipulumutse, koma iye anangotambasula dzanja kulandira jekete. Ndinapita kwa amuna aja, thukuta lili kamukamu, n'kufotokoza m'Chingelezi changa chonse cha kuyunivesite kuti bambo awo aima apowo achokera kutali, ndipo kwathu sitichoka pamanda dzenje lisanatsekedwe. Wamkuluyo anandiyang'ana suti, anayang'ana mnzake, kenako anandipatsa fosholo n'kunena kuti malinga ndisagweremo. Anachotsa kapeti uja pamulu wa dothi, n'kukhala pambali kuti aonerere bwino.

Dothi la ku Toronto ndi lamakande, lolemera, ndipo linali lonyowa ndi madzi othirira aja. Fosholo iliyonse inkatuluka ndi theka la dothi litakakamira. Nsapato zanga zosongoka zinkaterereka, taye inkalowa m'dothi nthawi iliyonse ndikawerama. A Mbewe anaima kumutu kwa manda, chipewa pachifuwa, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro ndi mawu awo aakulu a besi. Lusiya anapolokozana nawo. Ine ndinkathandiza ndi befu.

Galimoto yachiwiri ija inali itayamba kuyenda, koma inaima. Mayi wokalamba uja anatsika n'kubwerera pang'onopang'ono. Ndinati basi, apolisi atsala pang'ono. Atafika anafunsa ngati tinkamudziwa mlongo wake.

"Auzeni," anatero a Mbewe, "kuti tinadyera nkhuku pakhomo pa malemu mosadziwa, chifukwa wotitsogolera ndi wopanda nzeru. Tapepesa. Ndipo auzeni kuti maliro n'kulirana."

Ndinamasulira mbali yomalizayo yokha. (Womasulira nayenso ali ndi ufulu wake.) Mayiyo anati mlongo wakeyo anali munthu wosakonda anthu, ndipo akanadabwa kwambiri kumva kuti pamaliro ake panaimbidwa nyimbo. Anaseka pang'ono misozi ili m'maso. Anavula gulovesi, anatapa dothi pafosholo yanga n'kuponya m'dzenje, ndipo anaima pambali pa a Mbewe mpaka nyimbo inatha. Amuna a maovololo aja, mwina chifukwa cha chisoni poona mmene ndinkapumira, anatenga fosholo ina n'kundithandiza kumaliza. Thalakitala sinalizidwe.

Potuluka a Mbewe anatiimika pampope wothirira maluwa kuti tisambe m'manja ndi kumapazi monga timachitira pochoka kumanda. Chakudya chotsala anati sichingalowe m'nyumba ya munthu, ndipo chinathera m'mbiya ya zinyalala, mandasi onse aja.

M'sitima yobwerera ku North York palibe anafuna kukhala pafupi nane. Suti yotuwa inali yasanduka yofiirira, m'manja muli matuza. Ndinkayang'ana pansi, kukonzekera chigamulo.

"Kufunsa simufunsa," anayamba a Mbewe. "Bodza lilipo ndithu, la mvula lija. Mfuti mumaopa."

"Zoona, bambo."

"Koma dziko lino ndaliona lero. Munthu akhoza kufa kuno n'kusiyidwa padzenje ndi anthu olipidwa. Mwana uyu ali kutali ndi ife. Chikamugwera, ife sitingafike msanga." Anasisita mutu wa ndodo. "Fosholo ija simunaitaye mpaka dzenje linatsekeka. Muwalembere akwanu atumize ankhoswe. Mwamva, mkamwini?"

Ndinangowomba m'manja, matuza ndi matuza omwewo, azungu a m'sitima akundiyang'ana. Lusiya anatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sanandiuze ngati ankaseka kapena ankalira.

Nkhaniyi inafika ku Dedza ine ndisanafikeko. Titabwerera kumudzi, pamaliro alionse a kwawo kwa Lusiya adzukulu ankangondiona n'kuyamba kusekerera, khasu atalilozetsa kale kwa ine. Phunziro ndinalitola, kuti safunsa anadya phula, ngakhale kufunsako mpaka pano kumandivutabe. A Mbewe anakhala zaka zambiri, ndipo anandikonda m'njira yawoyawo, yosanena. Atamwalira, tili kumanda, mkulu wina anaimirira kunena mawu amene malemu anasiya. Anati fosholo yoyamba apatse mkamwini wa ku Canada, koma za chakudya asamufunse malo. Anthu anaseka pamaliro, ndipo ine ndinakwirira amalume ndikuseka, misozi ikugwera pafosholo.