Mang'ina a Galu wa ku Geisha

Pulani inabadwira pashabini ina ku Masasa, masese atafika m'mutu. Goodwell, amene ankadzitcha Injiniya ngakhale sukulu anailekera Fomu 1, anajambula mapu pansi ndi chala.

"Lamulungu Mayi Marjorie a ku Geisha amakhala kutchalitchi mpaka masana. Pamwamba pa mpanda pali waya wamagetsi, ndiye ife tidzera pansi. Zophweka chomene."

"Nanga chigalu chija?" anafunsa mnzake Vitumbiko, wotchedwa Sipidi chifukwa zikavuta ankayamba ndiye kuthawa.

"Galu ndi mimba basi, aise. Timponyera mang'ina, azikukuta, ife tili pantchito."

Lamulungu m'mawa anakumba dzenje pansi pa mpanda n'kuponya mang'ina mkati. Galu anawanyamula n'kupita nawo kuseri. Madolo aja anakwawa n'kulowa, ndipo posakhalitsa Injiniya anatuluka m'nyumba atakumbatira TV, akuyenda monyang'wa ngati waigula.

Chimene Injiniya sanawerengere n'chakuti galuyo anali atakhuta kale. Galu akakhuta sataya nyama. Amaikwirira kusungira tsiku la njala, monga ankachitira makolo ake kutchire, ndipo amailondera kuti wina asafukule. Uyu anazungulira bwalo lonse kusaka dothi lofewa, n'kulipeza pamalo amodzi okha: padzenje la Injiniya. Anaikamo mang'ina, anakwirira ndi mphuno, n'kugonapo.

"Iwe galu, tasuntha pang'ono," ananong'ona Injiniya, akutambasula mwendo.

Galu anaonetsa mano onse, n'kudzambatuka. Sipidi anali kale pamwamba pa mtengo wa mapeyala. Mmene Injiniya anakwerera ndi TV m'manja, mpaka lero sadziwa. Galu anabwerera pachuma chake, diso lili mumtengo.

Madolo aja anakhala mumtengomo maola atatu, nyerere zikuwayendera m'mathalauza. Akangotsitsa phazi, galu ankabangula.

"Unati galu ndi mimba," analira Sipidi.

"Khala chete, ndikuganiza."

Akuganiza choncho, geti linatseguka. Analowa Mayi Marjorie ndi azimayi asanu akutchalitchi, nyimbo ili pakamwa. Nyimbo inadukira pakati. Mayiwo anayang'ana galu, anayang'ana mumtengo, kenako anadinadina foni yawo mosapupuluma n'kuyankhulapo pang'ono.

"Monile, adada. Mukutani mumtengo mwanga ndi TV yanga?"

Injiniya anaikweza TV ija m'mwamba.

"Yewo, mama. Timangoona ngati netiweki imagwira bwino kuno."

"Imagwira chomene," anatero Mayi Marjorie. "Apolisi andimva bwinobwino."