Dothi la Dizilo mu Furiji ya Madamu

Lolemba

Kutentha kwa ku Doha ndatopa nako. Zaka zinayi ndikuyendetsa galimoto ya mabwana anga, Baba ndi Madamu, kuno ku Al Hilal, chiwongolero chikuwotcha manja ngati chiwaya. Pano akuti lamulo lasintha, munthu utha kusiya ntchito osapempha kalata kwa bwana. Ndiye lero pa gulu la Amalawi pafoni pabwera uthenga: kampani ina ikufuna anthu okayeretsa dothi lomwe linatayikira dizilo ndi mankhwala kumpoto kwa Canada, kumene nthaka imauma gwaa ndi chisanu. Intavyu Loweruka, kwa ejenti kufupi ndi Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja. Akufuna wodziwa dothi komanso wopirira kuzizira. Dothi ndinakulira nalo ku Dowa. Kuzizirako ndiphunzira sabata yomwe ino.

Lachiwiri

Ndawerenga pafoni kuti m'dothi muli tizilombo todya dizilo, koma kukazizira timagona. Ndiyesa ndekha. Kuseri kwa galaja, pomwe jenereta imadontha, dothi lake ndi lakuda bii. Ndatenga:

dothi, chigoba cha ayisikilimu chodzaza
feteleza wa maluwa a Madamu, masupuni atatu
foloko yotakasira

Ndasakaniza, chigobacho ndachibisa pansi penipeni mu furiji yaikulu ya nyama, kuti chizizire ngati ku Canada. Amayi Nabanda, amene amaphika m'nyumba muno, andiona. "Achimwene, ine sindinaone kanthu, koma musadzanditchule."

Lachitatu

Kuphunzira kuzizira. AC ndaitsitsa mpaka pothera, ndakhala pamaso pake maola awiri wopanda malaya, mapazi m'beseni la madzi oundana. Mano akugundana. Dothi lija lauma ngati njerwa, foloko yapindika. Tizilombo tagonadi, mwinanso tafa.

Lachinayi

Mphuno zikuchucha. Ndikutsokomolera m'masiki mobisa. Masana Madamu alawa nyama ya nkhosa, n'kuika supuni pansi. Akuti ikununkha ngati pomwetsera mafuta. Baba anunkhiza, chimodzimodzi. Madamu akuti mchemwali wawo atadwala korona chakudya chinkamununkhira choncho. Nthawi yomweyo ine ndaima pakhomo ndi makiyi, ndayetsemula. Onse anditembenukira. Baba akuti, "Khalas, basi, tonse kukayezetsa."

Lachisanu

Tsiku langa lopuma lathera pamzere wa magalimoto, kathonje m'mphuno mpaka misozi. Zotsatira akuti tidikire. App ya korona yapafoni yasiya kukhala yobiriwira, ndiye sindingalowe ngakhale m'golosale. Anditsekera kuchipinda, chakudya akusiya pakhomo. Amayi Nabanda abwera pazenera: Madamu analamula kuti furiji itsukidwe, chigoba chapezeka, nyama yonse yatayidwa. "Afunsa ngati ndi mankhwala achikuda. Ndawauza kuti afunse eni ake."

Loweruka

Ola la intavyu landipeza pabedi, ndafunda bulangeti. Ndapempha ejenti kuti tipange pa video. Funso loyamba: digiri yanu ndi ya chiyani? Ndati ndili ndi layisensi komanso experience. Ya nthawi yaitali bwanji? Ndati masiku atatu, mu furiji. Ndikumva anthu awiri akuseka. "Inshallah tikuimbirani." Inshallah ameneyo, "Mulungu akalola", ndimamudziwa, ndi yemwe ndimapatsidwa ndikapempha tchuthi.

Lamulungu

Zotsatira zafika, palibe wa korona. Changa ndi chimfine wamba, chodziputira ndekha. Baba sanakalipe, bola akanakalipa. Angofunsa mofatsa ngati ndikufuna kuchoka. Ndati ayi, ndimangophunzira. Akuti za kontrakiti tikambirana mwezi ukatha, ndipo kukhitchini ndisapondeko.

Akazi anga, mayi a Chisomo, aimba kuchokera kumudzi. Ndinangowanong'oneza pang'ono za ulendowu, koma agula kale chijasi chaubweya pa kaunjika, ndipo kutchalitchi andipempherera lero, mpingo wonse utaimirira. Akufunsa kuti chijasicho atumize ndi ndani. Ndayang'ana panja, phula likuchita kunyezimira ndi dzuwa. Ndati achisunge kaye mu sutikesi, aikemo mankhwala a njenjete.

Madamu akuitana galimoto.