Khosi Lobooka pa Ukwati wa Mwana Wanga

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoopseza Osuta,

Ndagwada, bwana. Ndine Hosniyah wa ku tauni ya Pamekasan kuno ku chilumba cha Madura, mayi wosapita patali ndi sukulu, ndipo ndabwera ndi mathokozo okhaokha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chithunzi cha khosi lobooka chimene munaika pa paketi ya ndudu. Paja kwathu kuno poitanira anthu ku ukwati timatumiza paketi ya ndudu, kapepala ka mayina titakalowetsa m'pulasitiki mwake. Ndiye mwana wanga Komariyah walengezedwa mudzi wonse dzina lake lili pamwamba pa chilonda. Musadandaule, kapepalako kakuphimba chithunzicho ndendende, ngati munachita kuyeza. Oitanidwa onse asuta mwamtendere.

Chachiwiri, zikomo potikumbutsa kuti fodya amapha. Amuna anga, a Matrawi, akhala akuwerenga mawuwo zaka zonsezi, utsi uli tolotolo. Ndi msodzi, nyanja inawadyera kale achimwene awo. Amati tsiku la munthu analemba kale Mulungu, ndipo wa pachithunziyo sakumudziwa. Mwamuna wa ku Madura mukamuopseza ndi imfa, ndiye kuti mwamupatsa machesi.

Chachitatu ndikuchita nacho manyazi, poti sichinachokere ku ofesi kwanu. Loweruka likudzali a Matrawi ayenera kugwira dzanja la mkamwini pamaso pa mboni n'kunena mawu opereka mwana wawo, osadukiza. Akhala akuyeserera kuseri kwa nyumba. Akangofika pa dzina la mwanayo, chifuwa chimawadula. Ndinawapeza akulira, munthu amene sindinamuonepo msozi, ndipo zinandiwawa koopsa. Komariyah anangowauza kuti akufuna kudzamva dzina lake pakamwa pawo, osati pa wina aliyense. Tsiku lomwelo ndudu anazitaya. Palibe anatchula manda.

Koma mpweya subwerera sabata imodzi. Akatswiri anu akadawauza kale zimene munthu amapindula akaleka, m'malo mongowaonetsa zoola, mwina bwenzi... koma ine ndine yani kuti ndiphunzitse a madigiri?

Pempho langa n'lochepa, bwana. Mawu akawathera pakati Lowerukalo, titumizireniko mmodzi wa akatswiriwo adzawamalizire, poti ku ofesi kwanu mpweya susowa. Mungomulangiza kuti kamodzi kokha ayesetse kunena chinthu chabwino. Ndi ukwati.

Wanu wogonjera mpaka pansi,
Hosniyah, mkazi wa a Matrawi