Tsiku Limene Ndinalendewera M'chitsime cha Apongozi

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo. Koma popeza akabaza a pa Boma aimva kale, ndipo aithira mchere mpaka kunena kuti ndinalira ngati mwana, bola muimve kwa mwiniwakene. (Sindinalire ine. Ndinkangoitana mokweza.)

Ndine mkamwini ku Likoswe. Pakhomo pathu pali chitsime chimene anakumba malemu apongozi anga aamuna, ndipo Okotobala wa chaka chimenecho chinayamba kutulutsa matope m'malo mwa madzi. Mkazi wanga, make Tadala, ankalawirira kumjigo wa mudzi wina n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, khosi litauma. Okumba zitsime ankangoti tibwera mawa, mawa lake osafika.

Apa m'pamene sukulu inandipweteka. Aphunzitsi a sayansi ku sekondale anatiuzapo kuti munthu akakhala pathabwa lomangidwa kuchingwe, chingwecho n'kudutsa pagudumu pamwamba, mbali inayo n'kuigwira yekha, amakoka theka chabe la kulemera kwake, chifukwa mbali ziwirizo zimagawana katundu. Mayeso a sayansi ndinalephera, koma ichi chokha chinakanirira m'mutu.

"Ndilowamo ndekha, ndikachotse matopewo," ndinamuuza make Tadala pakhonde. "Theka basi. Ngati kunyamula thumba la feteleza losadzaza."

"Bambo a Tadala, dikirani eni ake ntchito," anatero.

Kuseri kwa nyumba apongozi aakazi, amene ankapeta nandolo, anatsokomola kamodzi. Ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso, ndipo zaka zonsezo mawu athu ankadutsira mwa mkazi wanga. Chifuwa chimenecho ndinachiyesa cha fumbi.

Loweruka make Tadala atapita kumsika, ndinayala zida zanga. Gudumu la wilibala yakale ndinalichotsa tayala, n'kulipachika pamtanda wa bulugamu pakamwa pa chitsime, thabwa lokhalira n'kulimangirira kuchingwe. Chingwe ndinali nditagula pa Boma, mamita thwelofu, popeza chitsimecho n'cha mamita teni. (Amene munakhoza sayansi mwayamba kale kuseka. Sekani.) Buluku ndi malaya ndinazipachika pampapaya kuopa matope, n'kutsala ndi kabudula wam'kati yekha.

Kutsika kunali kokoma kwabasi. Ndinkangolekerera chingwe pang'onopang'ono, thabwa n'kumatsetsereka, kamphepo kozizira kakundikwera m'miyendo. Ndinayamba kuimba mluzu, mumtima ndikuti aphunzitsi aja akanandiona lero akanandiwonjezera malikisi.

Mwadzidzidzi dzanja langa lamunsi linagwira mphepo. Chingwe chatha! Pamenepo m'pamene ndinakumbukira mbali ina ya phunziro lija: chingwe chimayenera kukwera ndi kutsikanso, ndiye pafunika kawiri kuya kwa chitsime. Ndinali nditalendewera pakatikati, kamchira ka chingwe kali m'manja, pansi panga mamita folo a mdima, kenako matope amene kuya kwake sindinkakudziwa.

Ndinati palibe kanthu, ndibwerera. Ndikakoka mikono iwiri ndinkakwera umodzi, ndipo gudumu ladzimbiri lija, limene potsika linkandichedwetsa bwinobwino, tsopano linkangolira kwii! osafuna kuzungulira. Manja anatuluka thukuta, chingwe cha nayiloni n'kuyamba kuterera. Zimene ndinakwera zinabwezedwa zonse, khungu la m'zikhatho likusupuka. Ndinakulunga kamchira kaja padzanja, ndipo koyamba ndinaganiza za Tadala akukula popanda bambo.

"Kuli anthu kumeneko? Thandizeni!"

Zii. Ndinakuwanso, ulemu wonse nditautaya. Kenako kuwala kwa pamwamba kunachepa, ndipo ndinamva mawu amene anali asanalankhulepo ndi ine mwachindunji.

"Akamwini, muli moyo?"

"Ndili moyo, amayi, koma manja akutha."

"Musayang'ane kuno. Tambasulani mwendo wamanja, mufufuze khoma. Muli timaenje."

"Timaenje?"

"Apongozi anu ankatsika ndi chiyani? Anasema popondera kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pondani apo, msana mutsamire khoma linalo."

Chala changa chachikulu chinalowa m'kadzenje kodzaza ndere. Chinanso chinali pafupi. Nditakankha ndi miyendo, msana n'kugunda khoma, katundu yense anachoka m'manja. Mpweya umene ndinapuma pamenepo sindidzauiwala. Kukwera ndekha sikukanatheka, zikhatho zinali zitasupuka, koma ndinatha kumangirira kamchira kaja kuthabwa monga anandiuzira.

Ndinamva mapazi awo akuthamanga (mayi wa zaka zimenezo, kuthamanga!), mbuzi zikulira, kenako mawu a azimayi. Anali atamasula mbuzi zonse zinayi, n'kulumikiza zingwe zake, n'kuitana azimayi atatu amene ankamenya nandolo pakhomo loyandikana nalo. Chingwe chisanatsike, panatsika chinthu china chofewa n'kundiphimba kumutu. Chinali chitenje.

"Buluku lanu taliona pampapaya," anatero apongozi. "Valani kaye chimenecho. Kuno kuli anthu."

Ndinadzikulunga m'chiuno mmene ndikanathera, n'kumanga chingwe chawocho m'khwapa. Anayamba kukoka, ine ndikuthandizira ndi zala m'timaenje. Tsopano panalibenso zogawana katundu ndi gudumu. Azimayi anayi aja ankanyamula ine yense, ndi mbatata zonse zimene ndinadya m'mawa.

"Koka! Koka!" ankatsogolera mayi wina wa mawu aakulu, make Esinta. Ali wefuwefu anafunsa, "Anthuni, m'chitsimemu muli munthu mmodzi kapena alimo awiri?"

"Mwiniwake akuti ndi theka," anayankha apongozi.

Kuseka kumene kunabuka apo kunatsala pang'ono kundibwezera pansi. Chingwe chinatsetsereka ndithu, ine n'kukuwa, iwo n'kugwiranso. Potsiriza ndinatulukira, n'kugwa chafufumimba m'fumbi, ndere kumsana, chitenje cha maluwa ofiira m'chiuno. Mbuzi nthawi imeneyo zinali m'dimba la make Esinta zikumaliza mpiru, koma mayiyo sanadandaule n'komwe. Anati kuseka kwa tsikulo kwamukwanira.

Azimayi aja atabwerera ku nandolo wawo, ndinakhala pakhonde manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Apongozi anabwera ndi madzi ofunda amchere m'beseni, n'kukhala chapambali, nkhope atalozetsa kuphiri. Ananditsuka zikhatho okha. Ndinaona kuti manja awonso achekeka ndi chingwe.

"Amayi, pepani. Zikomo kwambiri," ndinatero.

"Chitsime chikauma timakumba china," anayankha. "Nanga inu mukanagwera, mwana wanga ndikanamuuza chiyani pobwera kumsika? Mwalakwa, koma ndaona chimene munaloweramo. Khosi la mwana wanga linakumvetsani chisoni."

Okumba zitsime anabwera Lachiwiri, atamva mbiri yanga. Anali anthu atatu, mmodzi pansi, awiri pamwamba, ndipo madzi anabwerera. Wamkulu wawo atayang'ana gudumu langa anati nzeruyo inali yoona ndithu, ndikanathira girizi ndi kugula chingwe chokwanira zikanatheka. Ndinatembenuka kuti ndione ngati make Tadala wamva umboni umenewu, koma diso limene anandiponyera linandibwezera mawu kukhosi.

Chimene ndinatolapo n'chakuti sayansi sinama, koma musanalowe m'dzenje yambani mwafunsa amene analiona likukumbidwa, ndipo pamwamba pazikhala munthu wokukondani. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi apongozi timalankhulana, ngakhale aliyense amayang'anabe kwake. Akakolola mbatata, yaikulu amaitumiza kwathu, ati ndizidya ndithu, koma ndizikumbukira amene adzandikoke.