A Mumba Amene Sanali Mubemba

Mpaka lelo ndikamva mawu akuti kolwe, ndimayang'ana pansi. Kolwe ndi nyani m'Chibemba, ndipo nyani ameneyu anatsala pang'ono kumanitsa mwana wanga malo a sukulu.

Ine sukulu ndinalekela giledi seveni, koma kuwelenga sindinaleke. Buku la mbili yakale ndikaliona pamsika wa Nyimba ndimagula, ngakhale lopanda chikuto (mkazi wanga amati ndimadziwa mafumu onse akufa, koma tsiku lopopela thonje ndimaiwala). Ndiye kusekondale kumene amaphunzila mwana wathu wamkulu ataitana makolo kuti tikambilane ngati hisitole ikhale yokakamiza kwa mwana aliyense, ndinati tsiku langa lafika.

Panalinso china. Wamng'ono, Tisa, ndinali nditamupemphela malo pasukulu pomwepo, aleke kupalasa njinga mtunda wautali kupita ku Ndake. Ahedi atsopano, a Mumba, anati adzandiyankha msonkhano ukatha.

"Mukakhale chete mpaka akuyankheni," anatelo mkazi wanga. Ndinavomela ndi mutu wokha.

Mumsonkhano anayamba ndi a Tembo, ogulitsa feteleza. "Hisitole inalembetsa nchito ndani? Ana aphunzile masamu na zaulimi. Akufa anafa!" Anthu anaomba m'manja. Ine miyendo inangoimilila yokha.

Tsono ndinali nditamva kuti a Mumba anachokela ku Kasama, ndipo polankhula ankaponyamo "mukwai". Ndinati basi, Mubemba uyu.

"Makolo anzanga," ndinayamba, "mbili si ya akufa. Onani chimbuya. Kale anthu a kuno kum'mawa ndi Abemba analasana ndi mikondo. Nkhondo itatha, mikondo inasanduka nthabwala, tikunyozana popanda mlandu. Mwana wosadziwa mbili angayese ndewu. Taonani!"

Ndinatembenukila ahedi. "Iwe Mumba, kapolo wanga, wasiya kolwe angati ku Kasama? Kuno uphunzile kudya mbewa ngati munthu!"

Palibe anaseka. Munthu wanzelu akanakhala pansi. Ine ndinaganiza kuti chitsanzo chachepa, ndiye ndinatola chofufutila bolodi n'kuwapaka choko pajekete lawo lakuda, monga timapakilana ufa ndi Abemba pamalilo.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

A Mumba anayang'ana jekete, kenako ine. Anayankha m'Chinsenga choyela kuposa changa. Anati iwo ndi Mumba wa ku Luembe, ku Kasama anapita ali mwana, atate awo akugwila nchito kunjanji. (Kuti dzina la Mumba lilinso kwa Ansenga ndinali kudziwa. Ndimagona nalo m'nyumba, ndi la mkazi wanga.)

"Akazi anu si mwana wa Esinala?" anafunsa. "Esinala ni mlongo wanga."

Malume a mkazi wanga, aja tinkangomva kuti anakulila kumpoto! Apongozi enieni, oyenela kuwagwadila patali, ine ndawatcha kapolo pamaso pa makolo onse. Ndinagwada pasimenti, chofufutila chikali m'manja. M'mutu munali Tisa ndi njinga yake.

"Hisitole yanu ni yameneyi?" anafuula a Tembo.

Apa ndiye a Mumba anaphulika kuseka, mpaka kupukuta misozi. "Ni yameneyi, a Tembo. Apongozi anga awa adziwa nkhondo zonse, koma za m'nyumba mwawo sanafunse. Tikaileka, ana athu azapaka choko ambili. Tiziphunzitsa, ndipo tiyambile pakhomo."

Manja atakwezedwa, ofuna hisitole anachuluka. A Tembo anakweza awili, ati asaphonye chitsanzo china.

Panja ndinawatsatila a Mumba mozemba, chipewa chili pachifuwa. "Bambo, za mwana uja..."

"Abwele Lolemba. Malo anapezeka dzulo, musaganize kuti ni chibale." Anavula jekete n'kundipatsa. "Ili mukachape mweka. Osati mwana wa mlongo wanga."

Ndinachapa ndekha, mkazi wanga atakhala pampando kundilondolela pothila sopo.

Mabuku ndikali kugula. Koma sabata yatha m'basi ya ku Petauke, Mubemba weniweni ananditcha wakudya mbewa, n'kudikila kuti ndimubwezele. Lilime linayabwa. Koma ndinamufunsa kaye kuti, "Pepani bambo, amai anu ni a kuti?"