Odi amene ndinatumiza ku Luembe

Amene akufuna kuseka ayambiletu tsopano, amalize, kuti ndikafika pakati asandidule mawu. Makamaka inu a Mumba, amene mumatsegula mafoni a anthu pano pa Nyimba n'kumadziyesa dokotala. Foni ili m'manja mwanuyo, imene imaimba kudzela pa intaneti mpaka kukuonetsani nkhope ya mlamu wanu wa ku Kitwe, ikadakhala chidutswa cha galasi chabe pakadapanda ine Yelemiya Daka. Ndinafika Fomu Faivi ine, sindilankhula za m'botolo. Ndikanama, benchi lino lithyoke.

Ndinachoka kwathu ku Luembe tsitsi lili lonse, n'kukagwila ntchito ya matelefoni ku Migodi, kukwela mitengo ya waya zaka ndi zaka. Zitabwela zipani zambili, makampani n'kuyamba kusintha manja, anatiuza kuti tachuluka, tikapume. Manyazi obwelela kumudzi ndi sutukesi yokha anandikankhila ku Joni, kumene ndinalowa pa kampani ina ya mainjiniya amene ankayesa kupititsa mawu a munthu m'makompyuta. Pachikalata analemba kuti ndine wokoka waya ndi wophika tiyi. Zolembalemba zisakunyengeni.

Kumudzi ndinasiya amake Tisa, mkazi wamfupi, wa mawu ochepa koma olemela ngati mphelo. Tsiku lina kunafika kalata yawo ya mizele itatu. Anati makalata anga atopa nawo, poti pepala limalola chilichonse chimene ndalemba. Anati akapanda kumva mawu anga ndi makutu awo pofika Loweluka lomaliza la mweziwo, adzadziwa kuti anakwatiwa ndi mtchona, adzamanga mbuzi zawo ndi kubwelela kwa alongo awo ku Nyalugwe, nyumba n'kusiyila chiswe. Kalatayo inachedwa panjila. Inandipeza Lachisanu, ndipo Loweluka lakelo linali mailo lake, tsiku lotsatila lomwelo. Basi ikadanditengela masiku anayi, ndipo ku Luembe nthawi imeneyo kunalibe foni, kunalibe mlongoti, waya amene ankadziwika ndi woyanikila zovala.

Tsono kuntchitoko zinthu zinali zitaima miyezi ndi miyezi. Mawu ankawadula bwinobwino tizidutswa ngati nyama ya pa butchala n'kuwaponya pa waya, koma kutsidyako kunalibe wowalandila, chifukwa makina a kuno ankangoyamba kulankhula a uko ali chigonele, mawu n'kumagunda pachitseko chotseka ndi kugwa pansi, moti m'mawa uliwonse ine ndinkasesa mawu a "halo" odzaza ndowa ziwili, ena akadali kuphiliphitha, ndipo tsiku lina ndinaponda "ndakusowa" wa munthu wina n'kutelela naye mpaka pakhomo la chimbudzi. Mukumva?

Lachisanu limenelo, kalata ikunditentha m'thumba, ndinaika tiyi patebulo n'kufunsa injiniya wamkulu, mwamuna wa dazi lowala amene maganizo anali atamuondetsa, ngati kwawo munthu amalowa pabwalo la mwini osanena odi. Ndinamuuza kuti makina ake sakudwala, angosowa kuleledwa. Kwathu mlendo amaima kumapeto kwa bwalo n'kuodila. Wam'nyumba akamva amati dikilani pang'ono, uku akufunafuna chitenje, kenako n'kuti odini, ndipo mlendo amaomba m'manja kusonyeza kuti wamva. Amayamba amvana kaye ngati akamba Chinsenga kapena Chinyanja, ndiye nkhani iyambike. Mwini nyumba akapita kudimba amasiya mawu kwa woyandikana naye kuti womufuna amulondolele. Odi amatsogola yekha, wopanda katundu, nkhani imatsatila khomo litatseguka. Ndipo chachikulu, ndinatelo ndikugogoda tebulo ndi supuni, munthu sachoka osatsazika. Asanatsazike, mpando wake suchotsedwa.

Dazi lija linatuluka thukuta mpaka kudontha m'kapu. Injiniyayo anandipempha kuti ndiwaphunzitse makinawo, ndipo ine ndinawandandalika makompyuta onse pansi ngati ana a Sande sukulu, masana onse ndikuwabwelezetsa odi, odini, odi, odini, ndipo ina yamwano imene inkafuna kulowa osaodila ndinaimana magetsi mpaka inapepesa ndi kuomba m'manja ndi mapiko a fani yake. Loweluka m'mawa anandifunsa kuti tiyesele kuti. Ndinati ku Luembe. Anafufuza pamapu awo osakupeza, koma ndinawauza kuti odi wa Mnsenga sasowa kwawo.

Ndinatsokomola, n'kutulutsa odi mmodzi wonenepa bwino, ndipo analowa pa waya n'kuthamanga, kuwoloka Limpopo, kuwoloka Zambezi osanyowa ngakhale chala, kufika pa Lusaka n'kupeza waya wopita kum'mawa atamasulidwa kuti akonzedwe, iye osataya mtima, n'kukwela padenga la minibasi pakati pa matilesi ndi thumba la kabichi, n'kudutsa pa mlatho wa Luangwa atatseka mphuno kuti fungo la nsomba zouma lisamuchedwetse. Mufunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndinali nditamulangiza kuti mthenga wabwino sakhala chete, tsono paliponse pamene wafika ankatumiza mawu m'mbuyo, ndipo pagalasi la kompyuta pankalembeka kuti ndikuyesa, ndikuyesa. Mpaka lelo makina amauzana zimenezo m'mimba mwawo foni isanalile. A Mumba akudziwa, angochita manyazi kuvomela.

Vuto linali lakuti dalaivala anali pa mpikisano ndi mnzake, pa Nyimba sanaime, anakatsitsa odi wanga pa Petauke. Kumeneko kunali msonkhano wa chipani, poti masiku amenewo zipani zinkamela ngati bowa, ndipo mkulu wina anali pa lole akulonjeza kuti akamusankha mvula izigwa Lachiwili ndi Lachisanu basi kuti anthu azichapa bwino. Odi anaona waya wa chimkuzamawu n'kulowamo, ndipo pakati pa lonjezo la mvula panaphulika mawu anga, moti khamu lonse, amayi a zitenje za chipani, ogulitsa vitumbuwa, ngakhale agalu, linatembenuka n'kuyankha pamodzi kuti odini, ndipo mkulu uja, poyesa kuti anthu amulandila, analila misozi n'kuwonjezela Lamulungu pa masiku a mvula. Koma odi wanga anamvetsela mawu onsewo limodzi ndi limodzi, sanapezemo a amake Tisa. Anapepesa kuti walakwitsa khomo, n'kutembenuka.

Pobwelela anadutsa pano pomwe takhala, ndipo mabelu a njinga zonse za pa Nyimba analila okha, nthochi zaziwisi za amayi a pamsewu zinapsa nthawi yomweyo ndi mphepo yake, mukafunse akuluakulu chifukwa chake nthochi za kuno zimatsekemela kuposa za kwina. Atasiya tala n'kulowa njila ya ku Luembe, kumene kulibe waya wa foni ngakhale wotalika ngati chala, anayenda pa waya waminga wa mpanda wa sukulu, n'kulumphila pa masipoko a njinga ya mkatekisiti, kuchoka apo pa khasu la mayi wina, khasu ndi khasu, munda ndi munda, olima akungomva mipini ikunjenjemela m'manja, mpaka anafika pakhomo panga n'kupeza chitseko chotseka, mtolo wa ziwiya uli pakhonde, mbuzi zitamangidwa kale pamtengo wa mango. Mukumva? Dzuwa linali litapendeka.

Amene anatipulumutsa ndi amai Lozaliya, oyandikana nafe, aja anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika. Anali akutsuka mbale, odi n'kutulukila m'beseni mwawo. Munthu woti anaona nkhondo beseni lolankhula silingamudabwitse. Anangoliuza kuti eni nyumba asiya mawu, apita kudimba kukathilila lepu komaliza kuti wodzatsala naye asadzawanene. Odi anathokoza, n'kutsetseleka ndi waya woyanikila zovala.

Kudimbako analowa m'kheni yothilila ili m'manja mwa amake Tisa, ndipo kheniyo inayamba kulila. Kulila kwake kunabwelela njila yonse mpaka ku Joni, mainjiniya n'kukumbatilana, koma ine sindinakumbatile munthu, chifukwa kulila kumangotanthauza kuti uthenga wafika, sikutanthauza kuti akufuna. Inalila kamodzi, kawili, kasanu. Ndinkadziwa kuti amva. Ndinkawaona m'maganizo atayima pakati pa mizele ya lepu, milomo atafinya, akuwelenga zaka zimene anafolela okha denga. Kachisanu ndi chiwili kheni inaleka.

"Odini."

Ndinaomba m'manja mwamphamvu moti magalasi a mawindo a nyumba yonse ya kampani anagwa.

"Ndine, amake Tisa."

"Awisi Tisa, mwalowa bwanji m'kheni yanga?"

Ndinayamba kuwafotokozela za makompyuta ogwada ndi za dazi la bwana, koma anandidula.

"Mabodza mudzanena mukafika, ndawasowa. Mubwela liti?"

Ndinati mwezi ukubwelawo usanathe. Ndinamva madzi akudontha, kenako anati mbuzi azimasula, koma zingwe sataya. Ndipo ndisanayankhe ndinamva phokoso la mapesi.

"Dikilani pomwepo, musachoke. Tonde wadula chingwe, walowa m'lepu."

Anaika kheni pansi n'kuthamanga. Ndinamva akukalipila tonde, kumutchula dzina la amalume anga, mawu akunka natalikila. Sanabwelele ku kheniyo tsiku limenelo, poti anayenela kukamasula mtolo kusanade. Injiniya wamkulu anati tidule, tayesa zatheka. Anakanikiza batani, makina anakana. Anazimitsa magetsi, makina anakanabe, chifukwa ndinali nditawaphunzitsa bwino kwambili: palibe amene watsazika, mpando suchotsedwa.

Ndinabwela monga ndinalonjeza, ndi sutukesi yomwe ija. Mainjiniya aja analemba mwambo wonse m'Chingelezi, m'buku lonenepa, n'kuugawila dziko lonse, dzina langa osaikamo, koma sindidandaula, tiyi wawo sanakomenso. Ine ndinapeza denga loti ndifolele ndi mkazi woti azindiuza kuti ndachulutsa. Tinakhala zaka zabwino. Ndikamakamba nkhaniyi kwa alendo, amake Tisa ankapukusa mutu n'kunena kuti tinalankhula pa foni ya ku boma kuno ku Nyimba, Tisa atawanyamula pa njinga, ndipo kuti ine ndi amene ndinalila misozi, osati mkulu wa pa lole. Musawaweluze. Sankafuna kuti ndizitame pa anthu.

Mvula yagwa katatu chiwaikile m'manda amake Tisa. Kheni ija ili m'nyumba, ndinaipachika pa msomali pafupi ndi zenela, ndipo sindithilila nayo. M'mawa ndikamwa tiyi ndimaikapo khutu, ndimamva mapesi akuthyoka ndi mawu akukalipila tonde chapatali. A Mumba, mukuti ndi mphepo imeneyo. Bwelani ndi zitsulo zanu zonse mudzaiyese, mudzapeza kuti foni ija sinaduke mpaka lelo. Anati ndidikile pomwepo, ndisachoke. Iwo sanatsazike, ndipo ine, ngakhale mutabwela ndi mainjiniya onse a ku Joni, sinditsazika.