Ameta ndi Panga

Pali nkhani imene azimayi anzanga a kwaya amaiyamba nthawi iliyonse akafuna kunditseka pakamwa. Bola ndiinene ndekha, manyazi ake atulukire m'kamwa mwa mwini wake.

Tinali titangotha chaka chimodzi ku Wusakile, titachoka ku Katete kutsatira bambo a Misozi amene anapeza ntchito ku mgodi. Chibemba changa chinali cha pamsika basi: kufunsa mtengo wa tomato, kudandaula kuti wadula, kutsazika. Koma Misozi, mwana wathu wa Grade 4, anachigwira msanga ngati kumwa madzi, moti Chinyanja chake chinasanduka chosakaniza.

Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu akudumphadumpha. Anati Lachisanu kalasi yawo ikupita pa trip ku famu ina yakale, njira ya ku Ndola. Ndinamufunsa kuti akukaonako chiyani.

"Tikupita kumene ameta impanga, amai. Ameta onse, aika m'masaka, agulitsa kunja."

Ine makutu anga anamva kuti ameta ndi panga, chikwanje chija chodulira mitengo.

Ndinafunsa kalata ya kusukulu. Anati atate ake anasaina kale m'mawa akuthamangira shifiti. Atabwera bambowo anavomera kuti sanawerenge, anangoona mzere wosainapo n'kusaina. Anandiuza kuti ndisamadzivute, sukulu imadziwa zimene ikuchita.

Ine ndiye mtima unakana kukhala pansi. Mwezi womwewo ku saluni azimayi ankanong'onezana za anthu ogula tsitsi la ana, ati amapangira mankhwala a chuma. Misozi ali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii, loti chipeso chimathyokeramo. Nanga sukulu yanji yotenga ana kupita nawo kuthengo kumene kuli masaka?

Kufunsa aphunzitsi sindinafune. Wakuba ukamufunsa amakana. Ndinangolembetsa kukhala mmodzi wa makolo operekeza ana, ndipo Ba Mulenga, mphunzitsi wa kalasiyo, anandithokoza ndi manja awiri. Kuthokozako kunangondiwonjezera chikaiko. Munthu wosalakwa sathokoza choncho.

Lachisanu tinanyamuka cha m'ma seven. Mubasi Ba Mulenga anawerenga ana kawiri, akugwira mutu wa aliyense. Mutu, osati phewa! Ndinamukoka Misozi kuti akhale pafupi nane, ndikumuveka chisoti cha juzi ngakhale kunkatentha. Basi itasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinatumiza uthenga kwa azimayi a kwaya kuti atipempherere, ndi nambala ya basi yomwe. Posakhalitsa netiweki inazimirira. Ndinati mumtima, anakonza bwino anthuwa.

Tinafika pa shedi yaitali ya malata adzimbiri. Mkati munali kamdima, pansi pa matabwa poterera ndi mafuta, fungo lake loti limakhala pakhosi. Anatilandira mdala wina wa ovolosi, a Tembo, amene anayamba kufotokozera ana mbiri ya malowo m'Chingerezi ndi m'Chibemba. Ndinangotolapo kuti shediyo inamangidwa ndi mzungu wina kale dziko lisanalandire ufulu. Zina zonse sindinamve, chifukwa maso anga anali kusaka pothawira. Chitseko chachikulu anali atachitseka, ati chifukwa cha mphepo. Ndinaona kachitseko kena kakang'ono m'munsi mwa khoma, ndipo ndinakasunga mumtima.

Kenako ndinaona masaka aja. Anali aakulu kuposa munthu, otupa mpaka kukamwa. Pa limodzi pankatuluka zinthu zoyera zopotanapotana ngati imvi. Ndinati, Ambuye, anayamba ndi nkhalamba.

A Tembo anatsitsa pakhoma sizasi yaikulu, yonga mipeni iwiri yomangirira pamodzi. Sinali panga kwenikweni, koma inali m'bale wake. Anainola pamwala, kwee, kwee, ana akuombera m'manja. Ana osalakwa, kuombera m'manja!

Atamaliza kunola analoza kumene kunaima Misozi, amene anali atandizemba n'kukatsamira pa kageti kamatabwa. Analankhula m'Chibemba, ndipo pamenepa Chibemba changa cha pamsika chinagwira ntchito. Ndinamva bwinobwino: bweretsani uyo wonenepa. Amuna awiri a ovolosi anayamba kuyenda kupita komweko.

"Mayo ine! Siyani mwana wanga!"

Ndinadumpha benchi. Ndinakankha mmodzi wa amunawo mpaka anakhalira saka. Ndinamugwira Misozi padzanja, kumukokera ku kachitseko kanga kaja, ndikukuwa kuti ana onse athawe. Palibe anathawa. Misozi yemwe anagwiritsa geti ndi dzanja linalo n'kupulumuka m'manja mwanga, ine ndinapitirira ndekha, mutu patsogolo.

Kuseri kwa kachitsekoko kunalibe masitepe. Kunali thabwa lotsetsereka, losalala ndi mafuta a zaka zambirimbiri. Polowa, msomali wa pamwamba unakola wigi yanga n'kuisunga. Ine ndinatsetsereka chamimba, ndinakagwera m'khola panja, m'ndowe. Kumutu kunali mbuu, poti mwezi umenewo ndinali nditameta mpala chifukwa cha kutentha.

Nditadzutsa mutu, ndinapeza ndazingidwa ndi nkhosa zisanu ndi imodzi zometedwa dzulo lake, zoonda, zamanyazi, zikundiyang'ana ngati zikufunsa kuti iwe anakumeta ndani. Kachitsekoko n'kotulutsira nkhosa akamaliza kuzimeta. Yonenepa ija, imene a Tembo analoza, inali kuseri kwa geti limene Misozi anatsamira, ikudikira nthawi yake.

Kalasi yonse inathamangira ku mpanda wa khola. Misozi anafika pomalizira, atabisa nkhope m'chisoti.

"Amai," anatero motsitsa mawu, "impanga ni izi. Nkhosa."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati kwathu ku Katete nkhosa zili ndi ubweya waufupi ngati mbuzi, ndipo chibadwire sindinaonepo munthu wamutu wake akuzimeta. Ba Mulenga anali atagwira mpanda, misozi ikutsika ndi kuseka. Poti Abemba ndi ife a kum'mawa ndife anthu achimbuya, onyozana mosakwiyitsana, anandiuza pamaso pa ana kuti sakundiimba mlandu, chifukwa nyama imene ife timaidziwa bwino ndi mbewa, ndipo mbewa sameta, amangowawula.

Anandizungulitsa n'kundilowetsanso pa chitseko cha anthu. Ndinapeza a Tembo atakolola wigi pa msomali, ataiyala pa tebulo losankhira ubweya. Anaitembenuza, anaikoka, anainunkhiza. Kenako anatembenukira kwa ana, ndipo ulendo uno analankhula Chinyanja chenicheni cha ku Chipata kuti ine ndisaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

"Ana inu, ndakalambira m'shedi muno, koma iyi ndi nkhosa yoyamba kudzimeta yokha. Chokhacho, ubweya wake sitigula. Ndi wa pulasitiki."

Khutu lomva theka limametetsa mwini wake.